Bambo ndi a ku Phalombe, mayi ndi a ku Karonga, ine ndinabadwira ku Ndirande: mwana ndimuuze kuti kwathu ndi kuti?

Mayi wa ku Makata analemba kuti:

Akuluakulu ndi abale nonse, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo ndikupempha kuti amene akudziwa bwino za miyambo andithandize maganizo. Mwana wanga wamkazi, amene ali mu Sitandade 6, anabwera kuchokera kusukulu ndi uthenga wakuti kumapeto kwa teremu kudzakhala tsiku la chikhalidwe, ndipo mwana aliyense adzabwere ndi chakudya cha kwawo, adzatchule mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo, komanso adzafotokoze gule mmodzi wa kumeneko. Atandifunsa kuti, "Amayi, kodi kwathu ndi kuti?" ndinayamba kuyankha katatu konse, koma yankho lililonse linkathera panjira.

Bambo anga anali Mlomwe wa ku Phalombe, cha kufupi ndi phiri la Michesi, ndipo anabwera ku Blantyre ali mnyamata kudzafuna ntchito m'mafakitale. Mayi anga ndi Mtumbuka wa ku Chilumba, m'boma la Karonga. Anakumana m'tauni muno, bambo anapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwawo kwa mayi, ndipo ife ana asanu tinabadwira ku Ndirande ndi kukulira komweko, tikusewera m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo. Vuto lagona pa miyambo iwiriyi. Kwa mayi amati mwana ndi wa bambo, makamaka pamene malowolo anaperekedwa, kotero asibweni athu amatitcha ana a ku Phalombe. Kwa bambo amati mwana ndi wa mayi, ndipo munda ndi malo zimapita kwa ana a alongo, kotero kumeneko ndife ana a ku Mpoto.

Bambo atamwalira mu 2019 tinakawaika kumudzi kwa amayi awo. Anthu anatilandira bwino kwambiri, sindingawanamizire, koma ife anatiyalira mphasa yatsopano pamthunzi, pamene ana a azakhali athu ankatunga madzi, kusonkha moto ndi kulowa m'nyumba iliyonse osaodira. Nditadzuka kuti ndithandize kuphika, mayi wina anandilanda mthiko mwaulemu ndithu nati, "Pumani, inu ndinu alendo." Mawu amenewo sanandichoke mumtima mpaka lero.

Pa mafomu ndimalemba Phalombe chifukwa ndi zimene bambo ankatilembera. Chilomwe sindichidziwa, ndipo bambo omwe sankachiyankhula. Chitumbuka ndimamva koma kuyankha ndimayankha m'Chichewa. Bambo a mwanayu nawonso ndi obadwira m'tauni, ku Zomba, ndipo nkhani yawo sikusiyana kwenikweni ndi yanga. Tsono mwanayu apite ndi kalongonda ndi kufotokoza za tchopa, amene ine mwini ndinangomuona pa kanema, kapena apite ndi kondowole wa agogo ake, kapena anene poyera kuti kwawo ndi ku Ndirande?

Agogo a ku Linthipe anayankha kuti:

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo anu, ngakhale papita zaka. Ine ndine Mchewa wa ku Dedza, ndipo mwambo umene mudakumana nawo ku Phalombe ndi womwewo wa kwathu kuno, wa Ayao ndi wa Amang'anja. Mwamuna akakwatira amakakhala mkamwini kwa mkazi, ana amene abadwe ndi a mbumba ya mkaziyo, ndipo amene amawayankhira pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro ndi malume awo, mwinimbumba. Ngakhale mkazi atapita ku chitengwa, muzu wa ana umatsalabe kwa mayi wawo. Ndiye mayi amene adakulandani mthiko uja sadali kukupirikitsani. Mwana wa mwamuna akabwera pa siwa ya bambo ake amalemekezedwa, ndipo ulemu umenewu ndi umene mudauona. Komabe ndikufunseni funso limodzi lolimba: chichokereni kumaliro kuja, mudabwererako? Mudakakhala nawo pomanga chiliza? Namondwe wa Freddy atasakaza Phalombe ndi Mulanje m'mwezi wa Malichi 2023, mudakawaona azakhali anu? Mphasa yatsopano imayalidwira munthu amene amaoneka kamodzi pa zaka khumi, koma wobwerabwera amapatsidwa ndowa kuti akatunge.

Kwa ine, kwanu kwa munthu ndi kumene kuli manda a makolo ake, chifukwa kumeneko n'kumene ali ndi udindo umene sangautumizire pa foni. M'tauni manda amagulidwa ndipo okumba amalipidwa, pamene kumudzi adzukulu amakumba chifukwa akudziwa kuti mawa enanso adzawakumbira m'bale wawo. Ichi n'chifukwa chake akulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Pa nkhani ya magule ndilankhule zimene ndikuzidziwa. Gule wamkulu adazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, pamodzi ndi vimbuza wa kwawo kwa mayi anu, ndipo tchopa wa kwawo kwa bambo anu adalembedwa mu 2014. Kuzindikiridwaku n'kwabwino, koma kwachititsanso kuti ambiri aziganiza kuti gule ndi chinthu chimene ungachinyamule pa lole n'kukachitsitsa pabwalo la mpira. Amene adaonapo gule pamaliro a mfumu amadziwa kusiyana kwake. Zilombo zimatulukira ku dambwe, kufupi ndi manda a mudziwo, mbalule ikamalira imayankhana ndi mapazi a chilombo, amayi amene akuyimba ndi kuomba m'manja ndi mbumba ya womwalirayo, ndipo Kasiyamaliro akafika, aliyense pamudzi amadziwa kuti wabwera kudzaperekeza mzimu wa uje, mwana wa uje. Mukachotsa manda, mbumba ndi dzina la womwalira, chimatsala ndi fumbi ndi ng'oma basi. Tchopa nayenso ali ndi ntchito yake: Alomwe amavina pothokoza akakolola, alenje akabwerako bwino, ndiponso popereka nsembe pa nthawi ya chilala kapena mliri, ovina atabereka kumsana mitolo ya zikopa, zida zosakira ndi ziwiya zakale. Mwana amene akufotokoza za gule ameneyu ayenera kumva zimenezi kwa anthu amene amavina.

Dzina la boma lokha lisakuvutitseni, chifukwa malire amenewa ndi a dzulodzuloli. Bambo anu akubadwa, Phalombe idali mbali ya Mulanje, ndipo idakhala boma payokha mu 1998. Ife Achewa timapita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi abale athu a ku Mozambique, ndipo palibe amene amafunsidwa chiphaso kuti adziwike kuti ndi mbumba imodzi. Langizo langa ndi lakuti mwana atchule mudzi umene agogo ake aamuna agona, koma musanamulembere dzinalo papepala, mupite naye akauone.

Nyachirwa wa ku Area 25 anayankha kuti:

Ndawerenga mawu a agogo a ku Linthipe mwaulemu, koma ine ndisiyana nawo pang'ono, ndipo ndilankhula za chakudya. Inu achemwali muli ndi chuma m'nyumba chimene ambiri a ife tinataya kale, ndicho mayi anu amene akadali moyo ndipo manja awo akudziwa kondowole. Ine kwathu ndi ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, ndipo ndakhala ku Lilongwe zaka zoposa makumi awiri, koma ndikamva fungo la chinangwa choviika, mtima umafika kunyanja thupi lisananyamuke.

Anthu amene sanakule ndi kondowole amaganiza kuti ndi nsima wamba imene yangosintha ufa, pamene ntchito yake ndi ina kuyambira kumunda. Chinangwa chowawa chimakumbidwa, kusendedwa ndi kuviikidwa m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe ndi kutaya ululu wake, kenaka chimafinyidwa, kuyanikidwa pathandala kufikira chiume gwa, n'kusinjidwa ndi kusefedwa. Pophika palibe zoyamba ndi phala monga timachitira ndi ufa wa chimanga. Madzi akawira, mayi amaphula poto, amaipanikiza ndi mapazi onse awiri, amathira ufa nthawi imodzi, ndipo amavundula ndi mphamvu zonse mpaka nsima igwirane ndi kunyezimira, chifukwa ukangochedwa pang'ono imachita mibulu imene sungaiphwanyenso. Ndimakumbukira agogo anga atakhala pansi, chitenje atachipinda m'maondo, mthiko ukulira m'poto, ife tikudikira ndi mbale ya usipa wofutsa ndi chigwada. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, akagwira mthiko n'kulephera kuutembenuza, ndiye kuti wadziwa kanthu kena ka kwawo kamene sangakaiwale.

Chimene ndikufuna kuti tiganizire ndi chakuti zakudya zimene timazitcha za mtundu wakutiwakuti, zambiri ndi za dothi ndi nyengo ya malowo. M'mbali mwa nyanja dothi ndi lamchenga, chimanga sichichita bwino chaka chilichonse, pamene chinangwa chimapirira ndipo chimakhala m'nthaka ngati nkhokwe, munthu n'kumakumba pamene wafunira. N'chifukwa chake kondowole amadyedwa ndi Atonga, Atumbuka a kunyanja, Ankhonde ndi Achewa a ku Nkhotakota, anthu a zilankhulo zosiyana amene anagawana gombe limodzi. Kachewere amatchuka ku Dedza, ku Lizulu ndi ku Tsangano chifukwa cha kuzizira, nsima ya mapira ndi mchewere inakhazikika ku Nsanje ndi ku Chikwawa chifukwa cha kutentha ndi kuchepa kwa mvula, ndipo matemba amene abale a bambo anu amadyera nsima ndi mphatso ya nyanja ya Chilwa. Ndipotu chinangwa ndi chimanga zomwe zinachokera ku America, zinafika kuno kudzera kwa Apwitikizi ndi amalonda a kugombe, makolo athu akudya mapira ndi mawere. Ngakhale mpunga wa Kilombero umene Karonga imanyadira uli ndi dzina la chigwa cha ku Tanzania.

Magule ena ndi chimodzimodzi. Malipenga, amene ife a ku Nkhata Bay timati ndi athu enieni ndipo ku Karonga amavinidwanso, anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda otchedwa King's African Rifles, ndipo ndi chifukwa chake ovina amavala makabudula, masokosi aatali ndi zipewa, gulu lawo amalitcha boma, ndipo zikho zimene amaliza zimatsanzira malipenga a bandi ya asilikali. Agogo athu anaona chinthu chachilendo, anachitenga, n'kuchiumba mpaka chinakhala chawo. Ngati iwo anatero, sindikuona chifukwa chimene mwana wanu angachitire manyazi kunyamula kondowole ngakhale mwambo ukunena kuti iye si wa ku Chilumba.

Mdzukulu wa Mtchona, Harare, anayankha kuti:

Mayi, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ine ndili kutsogolo kwa njira imene mwana wanu angadzayende mukapanda kuchitapo kanthu. Agogo anga aamuna anachoka ku Dowa m'zaka za m'ma 1950 kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno ku Zimbabwe, anagwira ntchito pafamu, kenaka pamgodi wina kufupi ndi Bindura, ndipo sanabwererenso. Bambo anga ndi ine tinabadwira kuno ku Zimbabwe. Tikukula, anzathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti m'banja mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako ku Blantyre. Pa zitupa za makolo athu panalembedwa kuti ndi alendo, ndipo zinayamba kusintha ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, amene anavomereza kuti wobadwira kuno, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika.

Chimene chinatisunga monga anthu chinali mabungwe othandizana pamaliro, gule wamkulu amene kuno amamutcha zvigure, ndi mphika wa agogo aakazi. Anansi athu ankaphika sadza ya ufa wogayitsa, koma agogo ankakonola chimanga, kuviika mphale ndi kuyanika ufa woyera pamphasa, ndipo pa Khirisimasi pankakhala thobwa ndi nkhwani wotendera. Pamgodi, Achewa, Ayao, Atonga ndi Angoni onse anali a ku Nyasaland basi, beni ndi gule wamkulu zikuvinidwa bwalo limodzi tsiku limodzi, ndipo kusiyana kwa zigawo kumene mukukambirana kuno ine ndinakudziwa nditakula.

Mu 2016 ndinapita ku Dowa koyamba, nditanyamula kapepala kamene bambo analemba agogo asanamwalire. Panali zinthu zinayi zokha: dzina la mudzi, dzina la mfumu, mfunda wa agogo, ndi dzina la mlongo wawo wamng'ono. Nyakwawa itamva dzina la mlongoyo inatumiza mwana kukaitana mayi wina wokalamba, amene anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kulira akutchula dzina la ubwana la agogo anga, limene ine sindinalimvepo. Anali mwana wa mlongo uja. Malinga ndi mwambo, ine ndine mwana wa mwamuna ngati inu ndipo munda kumeneko ndilibe, komanso Chinyanja changa ankati ndi cha anthu akale, koma usiku umenewo ndinagona m'nyumba ya m'bale. Mabanja ambiri amene tinakula nawo alibe kapepala kotere, amangodziwa kuti agogo anachokera ku Malawi, ndipo alibe poyambira. Choncho chilichonse chimene mwana apite nacho kusukulu, khalani pansi ndi mayi anu sabata ino, mulembe midzi yonse iwiri, mafumu ake, ndi mayina a anthu amene angakuzindikireni kumeneko.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chinseu anayankha kuti:

Ine ndikufuna kuyankhulira yankho lachitatu lija, lakuti kwawo ndi ku Ndirande, limene onse akulilambalala. Funso lakuti kwanu ndi kuti silinakhale la chikondi nthawi zonse m'dziko muno. Mu 1989 kunatuluka lamulo lakuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ndinaona ndi maso anga mnzanga wophunzitsa masamu, amene anakhala ku Blantyre zaka zambiri, akukweza katundu pa lole ndi ana amene sankadziwa liwu limodzi la Chitumbuka. Kwa zaka zambiri boma limene mwana walemba pa fomu linkathanso kumutsegulira kapena kumutsekera khomo la maphunziro apamwamba. Tikamaphunzitsa ana kuti munthu aliyense ali ndi bokosi limodzi lokha, tizikumbukira ntchito imene mabokosi amenewa anagwirapo.

Blantyre inayamba ndi mishoni ya 1876, ndipo ku Ndirande kuno kuli mabanja amene agogo, ana ndi zidzukulu onse anabadwira pansi pa phiri lomweli. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe limene wakuliralo nalonso ndi lake. Agogo a ku Linthipe akuti m'tauni mulibe udindo wa pamaliro, koma pano munthu akamwalira ku Goliyo kapena ku Malabada, amayi a mpingo ndi anansi amagona pa siwa, anyamata amayenda ndi mbale kutolera chipepeso khomo ndi khomo, ndipo palibe amene amafunsa mtundu wa womwalirayo. Luso nalonso tili nalo lathu. Pitani kumsika mukaone amisiri akusula mbaula, ndowa ndi zothirira mbewu kuchokera ku malata akale, phokoso la nyundo likumveka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kayimbidwe ka magitala kamene kanatchukitsa Chileka, kapena kamene kanakulira m'magulu oyimba a tchalitchi ku Balaka, sikatchedwa ndi dzina la mtundu, kamatchedwa ndi dzina la malo, ndipo anakapanga ndi anthu osakanikirana ngati inuyo. Mwana wanu atanena kuti kwawo ndi ku Ndirande, agogo ake ena ndi a ku Phalombe ndipo ena ndi a ku Karonga, sananame ngakhale pang'ono, ndipo m'kalasi mwakemo theka la anzake lingapume mpweya wabwino pomva wina akunena zimene iwonso amaopa kunena.

Mayi wa ku Makata anabweranso nati:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo kwa mayi a ku Chintheche ndinene monga amanenera mayi anga, yewo chomene. Agogo a ku Linthipe, funso lanu landilasa, chifukwa zoona zake n'zakuti chichokereni kumaliro sindinabwerereko, ndipo nthawi ya Freddy ndinangotumiza ndalama pa foni kwa msuweni wanga. Dzulo ndinawaimbira azakhali, ndipo tagwirizana kuti sukulu ikatsekera ndipita ndi mwana kukagona masiku atatu. Iwo anaseka mokondwa nati adzamuphikira kalongonda, koma anachenjeza kuti si nyemba zophika mothamanga, zimafuna kuwiritsa tsiku lathunthu ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimaledzeretsa ndi kudwalitsa.

Lamlungu ndinakhala pansi ndi mayi monga analangizira achimwene a ku Harare, ndipo tinadzaza masamba atatu a kope. Ndinadabwa kumva kuti agogo awo aakazi sanali a ku Chilumba, anachokera ku Usisya, ndipo ndinadabwa koposa pamene anandiuza, kwa nthawi yoyamba, kuti iwo akadzamwalira safuna kupita ku Phalombe kapena kwawo ku Chilumba, akufuna kudzaikidwa kuno kumene ana awo angamafike msanga. Nkhani imeneyi sitinaifikitse kwa asibweni, ndipo ndikudziwa kuti sidzakhala yophweka.

Za tsiku la chikhalidwe, mwana wasankha yekha. Adzanena kuti anabadwira ku Ndirande, adzatchula midzi iwiri ya agogo ake, ndipo adzanyamula kondowole ndi usipa. Chinangwa tagula ku msika wa Limbe, chili m'ndowa kuseri kwa nyumba tsiku lachiwiri tsopano, ndipo agogo ake amapita kukachitsina m'mawa uliwonse kuti aone ngati chafewa. Chimene chatsala ndi gule, chifukwa mwanayo akuumirira tchopa, ndipo ulendo wa ku Phalombe udzachitika tsiku la kusukulu litadutsa kale. Ngati pali wina amene akudziwa gulu lovina tchopa kuno ku Blantyre, kaya ku Bangwe kaya ku Machinjiri, limene lingalole mwana kudzaonerera pokonzekera ndi kufunsa akuluakulu ake mafunso, chonde ndidziwitseni mwezi uno usanathe.